JOHANN COAZ, MLONDA WA MAPIRI A CIPALE

1. Dziko la mapiri oyera

Pakati pa Ulaya pali dziko lochedwa Switzerland. Ndi laling'ono ndithu, pakuti maiko otere 18 angathe kulowa m'dziko lathu la Zambia. Koma ngakhale lili laling'ono, lili ndi mapiri atali kopambana, ochedwa Alps. Midzi yambiri ili m'zigwa zopapatiza, phiri uku phiri uko, ndipo munthu akatuluka m'nyumba m'mawa ayenera kukweza maso kuti aone thambo.

Miyezi imene ife tili pa nchito ya kumunda m'dzinja, kuyambira Disembala kufikira Malici, kumeneko ndiyo nyengo ya cisanu coopsa. M'mapirimo mvula siigwa ngati madzi iai. Igwa ngati ufa woyera, wopepuka ndi wozizira kwambiri, umene tiucha cipale cofewa. Cipale cisiyana ndi matalala. Matalala ndi olimba ngati timiyala, ndipo asungunuka msanga, koma cipale cigwa mwakacetecete ngati thonje, cikhala pansi miyezi yambiri, ndi kuunjikana kufikira cipitirira msinkhu wa munthu.

Cipale cimene cagwa pa cidikha sicibvuta kwambiri. Cokhala ndi ngozi ndi cija cagona pa mtsetse wa phiri. Tsiku lina cimasuka conse pamodzi ndi kutsikira kucigwa, cithyola mitengo, cigwetsa nyumba, cikwirira anthu ndi ng'ombe. Pa Cingerezi acicha avalanche, pa Cijeremani acicha Lawine, ndipo ife muno tidzacicha cigumukire ca cipale. Inu amene munamva za Napolo, amene agumula phiri ndi kutsika ndi madzi, miyala ndi matope, monga anacitira ku Zomba m'caka ca 1946 ndi ku Phalombe m'caka ca 1991, mungathe kuzindikira mantha a anthu a m'zigwa zija. Kusiyana kwace ndi kwakuti Napolo abwera kamodzi pa zaka zambiri, pamene cigumukire cibwera caka ndi caka, ndipo kawirikawiri citsata njira imodzimodzi.

Anthu a m'mapiriwo anadziwa mitundu iwiri ya zigumukire. Cina ndi ca cipale couma. Cimeneci ciuluka ngati mtambo wa fumbi, liwiro lace lingathe kufika makilomita 300 pa ola limodzi, ndipo mphepo yotsogola pamaso pace isasula madenga ndi kugwetsa mitengo. Cina ndi ca cipale conyowa, cobwera pamene nyengo iyamba kufunda. Cimeneci ciyenda pang'onopang'ono, koma ndi colemera zedi, cikokolola nthaka ndi miyala.

Makolo ao anayesa kudzichinjiriza monga anathera. M'caka ca 1397 anthu a mudzi wa Andermatt analemba lamulo loletsa munthu aliyense kudula mtengo m'nkhalango ya pamwamba pa mudzi wao, ndipo nkhalangoyo ilipo ndi lero lomwe. Ku Frauenkirch, pafupi ndi Davos, cigumukire cinagwetsa chalichi m'caka ca 1602. Pomanganso anaika cipupa cosongoka ngati nkhwangwa kumbali ya kuphiri, kuti cipale cikafika cigawike pawiri. Njira zimenezi zinathandiza, koma zambiri mwa izo zinali zodikira mdani pakhomo. Munthu amene tinena za iye anapita kukamuona mdaniyo kumene abadwira.

2. Ubwana ndi maphunziro

Johann Coaz anabadwa pa 31 Meyi 1822 mu mzinda wa Antwerp, m'dziko limene lero licedwa Belgium. Kumeneko kulibe mapiri, ndipo ndi kufupi ndi nyanja. Atate wace anali mkulu wa asilikali amene anali pa nchito ya mfumu ya ku Holland, pakuti masiku amenewo amuna ambiri a ku Switzerland anali kukafuna nchito ya usilikali ku maiko ena cifukwa ca umphawi wa kwao. Koma kwao kwenikweni kunali Graubünden, cigawo ca kum'mawa kwa Switzerland, codzala ndi mapiri ndi zigwa. Mnyamatayo anakulira ndi kuphunzira sukulu ku Chur, mzinda waukulu wa cigawoco.

Atatha sukulu anasankha nchito imene anyamata ambiri sanali kuiganizira, ndiyo yosamala nkhalango. Anapita ku Tharandt, m'dziko la Germany, kumene kunali sukulu yochuka ya maphunziro amenewa. Kumeneko anaphunzira maina ndi makhalidwe a mitengo, kafesedwe ka mbeu zace, kapimidwe ka malo, ndi kuwerengera mitengo imene munthu angadule osaononga nkhalango. Anaphunziranso khalidwe limene anakhala nalo kufikira imfa yace: kupenya cinthu bwinobwino, kucipima, ndi kucilemba m'buku tsiku lomwelo.

3. Wopima mapiri

M'caka ca 1844, ali ndi zaka 22, Coaz analowa nchito yopima malo. Nthawi imeneyo boma linali kujambula mapu oyamba olongosoka a dziko lonse, ndipo woyang'anira nchitoyo anali mkulu wa asilikali Guillaume Henri Dufour. Coaz anapatsidwa mapiri a kwao ku Graubünden. Kupima cidikha sikubvuta, koma wopima phiri ayenera kukwera pamwamba atasenza zipangizo zolemera, kuti aone nsonga zina ndi kupima mtunda wace. Mapiri ena analibe ndi maina omwe, pakuti abusa sanali kufika kumeneko, ndipo Coaz anawapatsa maina amene ali pa mapu kufikira lero. Pamene kunabuka nkhondo yaifupi pakati pa zigawo za Switzerland m'caka ca 1847, Dufour anamtenga kukhala mlembi wace. Nkhondo itatha anabwerera ku mapiri.

M'caka ca 1846 anali munthu woyamba kufika pa nsonga ya phiri la Piz Kesch. Koma ulendo umene unachukitsa dzina lace ndi wa pa 13 Sepitembala 1850. Kum'mwera kwa cigwa ca Engadin kunali phiri lalitali kuposa onse a m'dera limenelo, lotalika mamita 4,049, ndipo panalibe munthu amene anapondapo pamwamba pace. Coaz ananyamuka m'mamawa pamodzi ndi anchito ace awiri apacibale, Jon ndi Lorenz Ragut Tscharner. Anayenda pa Morteratsch, umene uli ngati mtsinje waukulu wa madzi oundana, wokhala ndi ming'alu yakuya yoti ingameze nyumba. Analambalala ming'aluyo, nasema mopondera mapazi pa madzi oundanawo, nakwera pa msana wopyapyala wa phiri, phompho uku phompho uko. Anafika pa nsonga nthawi ya 6 koloko madzulo, atakwera maola 12. Sanakhalitse, pakuti dzuwa linali kulowa. Anatsika usiku, nafika ku nyumba ya alendo kumene anacokera patapita maola 20. Coaz ndiye anacha phirilo Piz Bernina.

Pa zaka zimenezi anaona zinthu zimene anthu a m'zigwa sanali kuziona. Iwo anadziwa cigumukire cikafika pa mudzi, cili cacikulu ndi caukali. Iye anayenda pa malo amene ciyambira, naona mitsetse yopanda mitengo, ya udzu woterera, ndi makwalala amene zigumukire zinalambula m'nkhalango.

4. Kapitao wa nkhalango

M'caka ca 1851 Coaz anaikidwa kukhala woyang'anira wamkulu wa nkhalango zonse za Graubünden, nagwira nchitoyo zaka 22. Anapeza nkhalango zili kutha. Mitengo inali kudulidwa kuti ikhale nkhuni, makala ndi matabwa, ndipo yambiri inali kugulitsidwa ku maiko ena. Mbuzi zinali kudya mitengo yaing'ono isanakule. Midzi inali yosauka, ndipo mtengo unali ndalama zapafupi. Cifukwa cace nchito ya kapitao wa nkhalango sinali yokondweretsa onse, pakuti anayenera kuuza munthu wosauka kuti aleke mtengo uime.

Coaz anayenda mudzi ndi mudzi, naphunzitsa anthu nchito ya ulonda wa nkhalango, kuti cigwa ciliconse cikhale ndi munthu wodziwa kusankha mitengo yodula ndi kubzala ina. Anali kufotokoza cimene nkhalango icita. Cipale cikagwa pa nkhalango, cina citsakamira pa nthambi, nicigwa pansi pambuyo pace m'zibuma. Cotero siciyalana cosalala ngati mphasa imodzi yaikulu. Ndiponso tsinde la mtengo uliwonse lili ngati cikhomo cokhomera cipale ku nthaka. M'nkhalango yothithikana cigumukire siciyamba kawirikawiri. Koma cikayamba pamwamba, pa malo oyera, nicifika ku nkhalango cili pa liwiro, mitengo ithyoka ngati mapesi.

M'miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala 1868 kunagwa mvula yambiri m'mapiri a Switzerland. Mitsinje inasefukira, milatho ndi minda zinakokoloka, ndipo anafa anthu ngati 50. Ambiri anaona kuti mapiri ometedwa mitengo sagwira madzi. Tsoka limeneli linatsegula makutu a akulu a boma, ndipo mau a osamala nkhalango anayamba kumveka.

5. Malinga a ku Martina

Kumapeto kwa cigwa ca Engadin, pa malire a Switzerland ndi Austria, pali mudzi waung'ono wochedwa Martina. Pamwamba pace cigumukire cinali citaononga nkhalango, nicisiya khwalala loyera. Kubzala mitengo pa khwalala lotere kukadakhala kutaya nthawi, pakuti cigumukire ca caka cotsatira cikadazula yonse.

Coaz anaganiza motere. Cigumukire cikafika pansi palibe linga limene lingaciletse. Koma pamwamba, pamene cipale cikali cigonere, mphamvu yocigwira kuti cisayambe kuyenda ndi yaing'ono. M'malo ena anthu anali atayesapo kale kukumba ngalande ndi kukhoma zikhomo pa mitsetse, koma iye ndiye anasandutsa maganizo amenewa kukhala nchito yopimidwa ndi yolongosoka. M'caka ca 1868 anatsogolera anchito kukwera ku malo amene cigumukire ca ku Martina cinali kuyambira. Kumeneko anamanga malinga a miyala yosanjikiza popanda matope, opingasa mtsetse, lina pamwamba pa linzace. Anakhomanso mizere ya zikhomo za mitengo. Linga lililonse linali kugwira cipale ca pamwamba pace, cotero kuti mtsetse wautali unagawika m'timagawo tating'ono.

Inu ana a alimi mudziwa kale nzeru imeneyi. Munda wa pa mtsetse tiulima mizere yopingasa ndi kuika migula, kuti madzi a mvula aime pomwe agwera. Tikawaleka asonkhane ndi kuthamanga, pofika kumunsi akhala atakumba cigwembe cimene khasu silingatseke. Cimene mlimi acita ndi madzi, Coaz anacita ndi cipale.

Malinga anali theka cabe la nchito. Pansi pa malinga ndi pakati pace anali kubzala mitengo ya mtundu wa paini yopirira cisanu. Pamwamba pa mapiri mtengo ukula mocedwa kwambiri, ndipo papita zaka makumi angapo usanalimbe kuti ugwire cipale. Malinga anali kulera mitengoyo monga mpanda ulera mbande, kufikira nkhalango itakula ndi kutenga nchitoyo. Koma pamwamba penipeni, kumene kuzizira sikulola mtengo kumera, malinga anayenera kukhala cikhalire ndi kukonzedwa nthawi ndi nthawi. Nchito ya ku Martina inakhala citsanzo, ndipo pambuyo pace malinga otere anamangidwa pamwamba pa midzi yambiri, miseu ndi njanji.

6. Kuwerenga njira za zigumukire

M'caka ca 1873 Coaz anasamukira ku cigawo ca St. Gallen pa nchito yomweyo. M'caka ca 1875 boma la dziko lonse linamuitana ku Bern kuti akhale woyang'anira wamkulu wa nkhalango, ndipo iye ndiye anali woyamba kukhala pa mpando umenewo. Caka cotsatira, 1876, kunakhazikitsidwa lamulo losunga nkhalango za m'mapiri. Linaletsa kucepetsa nkhalango zochinjiriza midzi, linalamula kuti podula pabzalidwenso, ndipo boma linayamba kuthandiza midzi ndi ndalama zobzalira mitengo ndi kumangira malinga. M'caka ca 1902 kunabwera lamulo lina logwira nkhalango za dziko lonse. Kuonetsetsa kuti malamulowa asungidwa kunali pa mapewa a Coaz.

Koma ndalama zinali zocepa, ndipo mitsetse inali yosawerengeka. Nanga malinga ayambe kumangidwa kuti? Coaz anaona kuti ayenera kuyamba wadziwa njira zonse zimene zigumukire zitsata. Anapempha alonda a nkhalango a m'zigawo zonse za mapiri kuti alembe njira iliyonse: pamene ciyambira, pamene cilekezera, miyezi imene cigwa, ndi zimene caononga. Inali nchito ya zaka zambiri, yofuna kudekha, pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha.

M'caka ca 1881 anasindikiza buku lonena za zigumukire za m'mapiri a Switzerland, limene linafotokoza mitundu yace, zoziyambitsa, ndi kamangidwe ka malinga. Nyengo ya cisanu ya 1887 ndi 1888 inali yoipa kwambiri. Zigumukire zoononga zinapitirira 1,000, anafa anthu 49, ndipo ziweto mazanamazana zinakwiririka m'makola. Coaz anasonkhanitsa mbiri ya tsokalo nailemba m'buku lina, kuti obwera m'mbuyo adziwe malo oopsa. M'caka ca 1910, ali ndi zaka 88, anatulutsa buku lalikulu la ciwerengero. M'menemo munalembedwa njira za zigumukire zopitirira 9,000. Kuyambira pamenepo wofuna kumanga nyumba, mseu kapena njanji anali ndi pofunsira.

7. Ukalamba wace

Coaz sanakonde mitengo yokha. Anali mmodzi wa anthu amene analimbikira kuti papatulidwe dera limene munthu sadzadulamo mtengo kapena kusaka nyama. Deralo linakhazikitsidwa pa 1 Ogasiti 1914 m'cigwa ca Engadin, m'mapiri omwe aja anapima ali mnyamata, ndipo licedwa Swiss National Park. Caka comweco, cimene anakwanitsa zaka 92, ndi pamene anapuma pa nchito ya boma. Anabwerera ku Chur, namwalira kumeneko pa 18 Ogasiti 1918, ali ndi zaka 96. M'cigwa ca Roseg, pafupi ndi Piz Bernina, muli nyumba yogonamo okwera mapiri imene icedwa dzina lace.

8. Zimene anapeza omtsatira

Coaz anaphunzitsa anthu kumene zigumukire ziyambira. Funso lotsala linali lakuti, cifukwa ninji mtsetse umodzimodzi ukhala cete lero ndi kugumuka mawa? M'caka ca 1936 akatswiri anayamba kupima cipale pa phiri la Weissfluhjoch, pamwamba pa Davos, ndipo m'caka ca 1942 panamangidwa nyumba ya boma ya kafukufuku ameneyu. Iwo anali kukumba maenje m'cipale kufikira nthaka ndi kupenya zipupa zace.

Anapeza kuti cipale ca pa phiri cili ndi miyalo, monga muonera pa gombe la mtsinje pamene mcenga, dongo ndi timiyala zasanjikizana. Kugwa kulikonse kwa cipale kusiya muyalo wace. Miyalo ina ndi yolimba, pakuti timbeu tace tagwirana. Ina ndi yofooka. Pakapita masiku ambiri a kuzizira koopsa, thambo lili loyera ndipo cipale cili cocepa, timbeu ta m'kati tisandulika kukhala ngati shuga, tosagwirana konse. Ndiponso usiku wopanda mitambo pamwamba pa cipale pamera timasamba topyapyala ta madzi oundana, tonga cisanu cija ciyera pa udzu wa m'dambo m'mawa wa mwezi wa Juni. Cipale catsopano cikagwa cikwirira timasambato, ndipo tikhala m'katimo masabata ambiri tosaoneka.

Mphepo nayo ili ndi nchito yace. Inyamula cipale ku mbali imodzi ya phiri ndi kuciunjika kuseri, monga iunjikira masamba kuseri kwa nyumba. Cipale counjikidwa ndi mphepo cigwirana kukhala cibenthu cimodzi cacikulu. Tsono taganizani citseko coyalidwa pa maso a cimanga pa malo otsetsereka. Cingathe kukhala pomwepo tsiku lonse, koma mwana akapondapo citerereka naye. Cibenthu colimba cogona pa muyalo wofooka cicita cimodzimodzi. Muyalo wofookawo ukaphwanyika pa malo amodzi, mng'alu uthamanga pansi pa cibenthu conse m'kuphethira kwa diso, ndipo mtsetse wonse unyamuka. Zotere zicitika kawirikawiri pa mitsetse ya madigiri 30 kufikira 45, yopendekeka ngati denga la nyumba ya udzu. Pamwamba pace poyera mbee, posalala, pokongola. Koma cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

M'nyengo ya cisanu ya 1950 ndi 1951 zigumukire zinapha anthu 98 m'Switzerland, ambiri a iwo ali m'nyumba zao. Pamenepo kunaoneka kuti malinga a miyala ndi afupi, ndipo cipale cikacuruka ciwakwirira ndi kudutsa pamwamba. Anthu sanataye maganizo a Coaz, koma anasintha zomangira. Anayamba kumanga mipanda yaitali ya zitsulo ndi maukonde a waya pa malo omwe aja oyambira zigumukire. Lero mipanda yotere m'dzikomo ipitirira makilomita 500 kutalika kwace. M'mwezi wa Febuluwale 1999 kunagwanso cipale cambiri zedi, ndipo anafa anthu 17. Imfa iliyonse ndi yowawa, koma kusiyana kwa 98 ndi 17 kuonetsa cimene malinga, nkhalango ndi macenjezo zinacita.

9. Kumene kulibe malinga

Masiku ano midzi ndi miseu ya ku Switzerland ndi yochinjirizika kuposa kale, komabe anthu oposa 20 amafa ndi zigumukire caka ndi caka, tikawerengera zaka zambiri pamodzi. Ambiri a iwo ndi anthu amene apita okha kutali m'mapiri, kukakwera nsonga kapena kukaterereka pa cipale ndi matabwa aatali omanga ku mapazi, ochedwa ski. Kumeneko kulibe mpanda. Ndipo pa ngozi khumi zilizonse, pafupifupi zisanu ndi zinai ziyambitsidwa ndi munthu yemweyo wakwiririkayo kapena anzace a pa ulendo.

Wopita kumeneko cimchinjiriza ndi cidziwitso cokha. Kuyambira m'caka ca 1945 akatswiri a ku Davos amalengeza macenjezo a zigumukire, ndipo kuyambira 1993 maiko a Ulaya agwiritsa nchito muyeso umodzi wa makwerero asanu, kuyambira 1, ngozi yocepa, kufikira 5, ngozi yaikulu koposa. Wanzeru awerenga cenjezo asananyamuke. Apewa mitsetse yopendekeka kwambiri masiku oyamba cipale catsopano citagwa, kapena mphepo itaomba, kapena nyengo ikafunda mwadzidzidzi. Akaona ming'alu ithamanga kucokera ku mapazi ace, kapena akamva cipale cilira pansi ngati ng'oma yakutali, adziwa kuti muyalo wofooka waphwanyika, nabwerera. Podutsa malo okayikitsa anthu apita mmodzimmodzi, ena ali kupenya ali pabwino.

Aliyense anyamula kawailesi kakang'ono kolozera pamene munthu wakwiririka, ndodo yaitali yofufuzira, ndi fosholo. Cipale ca cigumukire cikaima cilimba, ndipo wokwiririka sangathe ngakhale kusuntha dzanja. Akafukulidwa msanga, mphindi 15 zisanathe, ambiri apezeka amoyo. Likapita theka la ola ambiri akhala atafa posowa mpweya. Cifukwa cace opulumutsa enieni ndi anzace a pa ulendo, pakuti ocokera kumudzi afika mocedwa.

Johann Coaz sanaone kawailesi kameneka, ndipo za miyalo yofooka anazimvetsa bwino ndi amene anabwera pambuyo pace. Koma njira anailambula ndi iye: kukwera kufikira pamene tsoka liyambira, kupenya, kulemba, ndi kuligwira likali laling'ono. Mitengo yambiri imene inabzalidwa pa ulamuliro wace inakula iye atafa, ndipo lero iima pamwamba pa midzi ya anthu amene sanamuonepo. Kwathu kuno cipale sicigwa, koma mapiri tili nao, mvula tili nayo, ndi nkhwangwa tili nazo. Mukaona phiri la pafupi ndi mudzi wanu lili kumetedwa mitengo, kumbukirani malinga a ku Martina.

MAFUNSO

1. Kodi cipale cisiyana bwanji ndi matalala?
2. Chulani mitundu iwiri ya zigumukire imene anthu a m'mapiri anadziwa.
3. Cinacitika n'ciani pa 13 Sepitembala 1850?
4. Cifukwa ninji Coaz anamanga malinga pamwamba pa phiri, osati pafupi ndi mudzi?
5. Fotokozani m'mene nkhalango igwirira cipale.
6. Kodi muyalo wofooka upangika bwanji?
7. Lembani zinthu zitatu zimene munthu wanzeru acita asanapite ndiponso ali m'mapiri a cipale.
8. Jambulani phiri, ndipo muonetse malinga, nkhalango ndi mudzi, ciliconse pa malo ace.